Mlungu wachisanu: mchere umene unasowa m'madzi ndi botolo limene linalemera

Papita milungu isanu chiyambire kusonkhanitsa zoyesera zosavuta za sayansi zoti ana a ku pulayimale azitha kuchita ndi manja awo. Ntchito imeneyi ndimaigwira madzulo ndikaweruka, ndipo ndinadziikira lamulo lakuti sindidzaonetsa mwana chilichonse ndisanachiyese ndekha katatu n'kulemba zotsatira zake m'kope. Zipangizo zanga ndi zochepa: sikelo yaing'ono ya mabatire imene imawerenga magalamu athunthu okha, mabotolo awiri agalasi a zivindikiro zothina, tambula, jakisoni wopanda singano ndi galasi lokulitsa zinthu.

Milungu iwiri yoyamba inapita pa kusiyanitsa zinthu zolimba, zamadzimadzi ndi mpweya, ndipo sinandivute kwenikweni. Mwala umasunga maonekedwe ake kulikonse kumene mwauika, madzi amatengera maonekedwe a chiwiya chimene alimo, pamene mpweya umafalikira m'malo onse amene wapeza. Kuti mwana akhulupirire kuti mpweya nawo ndi chinthu chimene chimatenga malo, ndimakanikiza pepala pansi pa tambula, n'kuvundikira tambulayo m'beseni la madzi molunjika, ndipo pepalalo limatuluka louma chifukwa mpweya wa m'tambulamo sunalole madzi kulowa. Jakisoni amamaliza nkhaniyo bwino: mukatseka kukamwa kwake ndi chala, mpweya umapanikizika mukaukankha, koma mukadzazamo madzi chokankhiracho sichisuntha.

Chimene chandigwira mtima kwambiri chinayamba mlungu wachitatu. Mwana wa mchemwali wanga, wa zaka 9, ankandiyang'ana ndikutakasa mchere m'madzi, ndipo madzi atayera anati, "Malume, mchere uja watha." Mawu amenewa ndi amene asintha dongosolo la ntchito yanga yonse, chifukwa ndinazindikira kuti vuto lalikulu la mwana si kuloweza mitundu itatu ya zinthu ayi, koma kuvomereza kuti chinthu chikasowa m'maso sindiye kuti chatha. Kumufotokozera ndi pakamwa pokha sikukanathandiza, choncho tinapita pa sikelo. Tinayeza madzi okwana magalamu 200 ndi mchere wokwana magalamu 20, aliyense payekha, ndipo ndinamupempha kuti alembe nambala imene akuganiza kuti tiiona tikasakaniza. Iye analemba 200. Sikelo inaonetsa 220, ndipo anaiyang'anitsitsa kwa kanthawi asanapemphe kuti tibwerezenso.

Mfundo imeneyi, yakuti kulemera kwa zinthu zonse pamodzi sikusintha malinga ngati palibe chimene chalowa kapena kutuluka, ndi imene Antoine Lavoisier, wasayansi wa ku France, anailemba momveka bwino mu 1789, ndipo iyenso anafika pamenepo podalira sikelo ndi ziwiya zotsekedwa. Zimandisangalatsa kuti mwana wa masiku ano angayende njira yomweyo pa tebulo wamba.

Ndinapitiriza ndekha kuwonjezera mchere pang'onopang'ono kuti ndione pamene madzi angakane. Madzi okwana mamililita 100 osatentha amasungunula mchere wokwana magalamu pafupifupi 36, ndipo kupitirira pamenepo umangodikha pansi ngakhale mutakase motani. Madzi amchere amenewo ndinawathira m'mbale yosaya n'kuwaika pawindo. Patapita masiku anayi madzi anali atauma, ndipo m'mbalemo munatsala timibulu toyera timene, titationera pagalasi lokulitsa zinthu, tinali ndi mbali zofanana ngati timabokosi ting'onoting'ono, tina tokhala ndi timasitepe tolowa mkati. Mwanayo atabweranso sindinanene kanthu, ndinangomupatsa galasilo. Anatembenuza kambulu kamodzi ndi nsonga ya pensulo n'kufunsa ngati umenewu unali mchere womwe uja, ndipo funso limeneli ndi limene ndinkalilakalaka.

Apa ndiyenera kutchula vuto la mawu limene ndakumana nalo polemba timapepala tofotokozera. Timati ayezi wasungunuka, timatinso mchere wasungunuka, koma zochitikazo n'zosiyana. Ayezi akamasungunuka pali chinthu chimodzi chokha, chimene chikuchoka pokhala cholimba n'kukhala chamadzimadzi chifukwa cha kutentha, ndipo zimenezi zimachitika pa madigiri 0 Celsius. Mchere ukamasungunuka m'madzi pali zinthu ziwiri, ndipo tizigawo ta mchere timamwazikana pakati pa tizigawo ta madzi mpaka diso silingatione. Kuti mchere wouma usanduke wamadzimadzi pawokha, monga amachitira ayezi, pamafunika kutentha kwa madigiri pafupifupi 800. Ndasankha kulemba "kusungunuka ndi kutentha" ndi "kusungunuka m'madzi" nthawi zonse, osafupikitsa, ngakhale kuti ziganizo zikutalika, chifukwa ndikuona kuti mawu amodzi akhoza kubisira mwana kusiyana kumeneku kwa zaka zambiri.

Mlungu wachinayi ndi umene unandisokoneza. Ndinkafuna kuonetsa kuti ayezi akasungunuka kulemera sikusintha, choncho ndinaika zidutswa za ayezi m'botolo, ndinatseka mothina n'kuyeza, ndipo sikelo inaonetsa magalamu 312. Ayezi atatha kusungunuka ndinayezanso n'kupeza 314. Ndinabwereza tsiku lotsatira ndipo kulemera kunakweranso. Poyamba ndinakayikira sikelo, ndinasintha mabatire, koma pokweza botolo ndinaona kuti chala changa chanyowa ndiponso kuti pambale ya sikelo patsala mzere wozungulira wa madzi. Botolo linali litachita thukuta kunja. Mumpweya wotizungulira muli nthunzi ya madzi imene sitiiona, ndipo ikakhudza galasi lozizira imasanduka timadontho, ndiye magalamu awiri aja anachokera kumeneko. Nditapukuta botolo ndi mbale ya sikelo, nambala inabwerera pa 312.

Poyamba ndinaganiza zongolemba chenjezo loti mphunzitsi azipukuta botolo asanayeze, koma ndasintha maganizo. Ndi bwino kuti ana aione nambala yolakwikayo n'kufufuza okha gwero lake, pakuti m'choyesera chimodzi akuona ayezi akusanduka madzi mkati mwa botolo komanso nthunzi ikusanduka madzi kunja kwake. Ena adzanena kuti madziwo adutsa m'galasi, ndipo poyankha zimenezo ndinaika m'firiji madzi othira utoto wabuluu mpaka anaundana, ndipo ayeziyo ndinamuika m'botolo. Madzi a m'botolo anakhala abuluu, koma timadontho takunja, nditatipukuta ndi nsalu yoyera, sitinasiye mtundu uliwonse.

Ndinayesanso kusintha kwa kukula. Ndinathira madzi m'botolo lapulasitiki, ndinalemba mzere pamene analekezera, ndipo ataundana m'firiji ayezi anapitirira mzerewo. Madzi akaundana amatenga malo ochuluka ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 alionse ngakhale kuti kulemera kwake sikusintha, ndipo n'chifukwa chake ayezi amayandama. Pa choyesera chimenechi botolo lagalasi lodzaza ndi lotseka siliyenera kugwiritsidwa ntchito, chifukwa likhoza kusweka.

Chimene chatenga mlungu uno wonse ndi kulemera kwa mpweya. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, pamene lita imodzi ya mpweya imalemera pafupifupi magalamu 1.2 okha, ndipo chibaluni chimene ndinafufumitsa ndi pakamwa sichinasonyeze kusiyana kulikonse pa sikelo yanga. Chifukwa chake n'chakuti mpweya wakunja umanyamula chibalunicho monga mmene madzi amanyamulira chinthu chimene chili m'kati mwake, ndipo mpweya wa m'chibaluni ndi wopanikizika pang'ono chabe kuposa wakunja, choncho kusiyanako n'kochepa kwambiri moti sikelo ya magalamu athunthu singakuone. Dzulo ndinasiya chibaluni n'kutenga mpira wamiyendo, umene khungu lake ndi lolimba ndipo limalola kupanikiziramo mpweya wambiri popanda kukula kwenikweni. Ndinauyeza uli wofewa koma wozungulira, ndinaupopa mpaka kulimba, ndipo sikelo inakwera ndi magalamu 4. Ndachita zimenezi kawiri ndipo zotsatira zafanana. Mawa ndiyesa kachitatu, ndipo ndikufuna kuutulutsa mpweya uli pasikelo pomwepo kuti ndione ngati nambala ingatsike pamaso pa mwana, iye akumva mpweyawo ukumuwomba pachikhatho.