Penshoni yanga ya ku Britain nditabwerera ku Zomba

Ndinapita ku Britain mu 2002, nthawi ija anamwino tinkanyamuka m'magulumagulu. Ndinagwira ntchito zaka 20 m'zipatala za ku Manchester, ndinatenga unzika wakumeneko, ndipo mu 2022 nditakwanitsa zaka 66 ndinati chisanu chandikwana, ndikakalambire kwathu. Anzanga amene adakali uko amandifunsa pa WhatsApp pafupipafupi kuti nkhani ya mapepala ndinayenda nayo bwanji, ndiye ndilembe kamodzi kokha.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Penshoni ya boma la Britain imakwera chaka chilichonse mu Epulo, koma amakwezera okhala m'dzikomo, m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndi m'mayiko ena amene anapangana nawo, monga America, Jamaica, Mauritius ndi Philippines. Malawi mulibe. Zambia, Zimbabwe ndi South Africa mulibenso, ngakhale Canada ndi Australia. Ukasamukira kuno, ndalama imaima pamene unaisiya ndipo sisunthanso mpaka tsiku lokuika m'manda. Chaka chimene ndinachoka, penshoni yathunthu inali £185.15 pa sabata. Mu Epulo 2025 inafika £230.25. Ine sindilandira yathunthu, chifukwa imafuna zaka 35 zosonkha National Insurance, ndalama imene amadula pa malipiro a ogwira ntchito, ndipo zanga sizinakwane, komabe taonani kusiyanako: mnzanga amene tinkagwira naye usiku m'wodi imodzi, tinasonkha mofanana, lero amandiposa chabe chifukwa iye anatsala ku Salford, pafupi ndi Manchester. Ndinalidziwa lamuloli ndisananyamuke, ndinawerengera, ndinasankha ndekha. Koma chilungamo sindichiona pamenepa. Chonditonthoza n'chakuti penshoni ya kuntchito, ya NHS (bungwe la boma loyendetsa zipatala ku Britain), imakwerabe kulikonse kumene uli.

Choyamba ndinaimbira International Pension Centre, nthambi ya unduna wa zantchito ndi penshoni (DWP) yoona za okalamba okhala kunja, kuwauza tsiku lonyamuka ndi keyala yatsopano. Anandifunsa ngati ndalama zizilowa ku banki ya ku Britain kapena ya kuno, komanso ngati ndizilandira pa masabata 4 aliwonse kapena 13. Ndinasankha masabata 4 ndi banki ya ku Britain, kuti ndizitumiza ndekha zimene ndikufuna mwezi umenewo. Nzeru imeneyi ndinaiyamikira mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Zimene ndinasunga m'mapaundi sizinapserere. Musanatsanzire, funsani banki yanu maso ndi maso ngati imalola akaunti ya munthu wokhala ku Africa. Banki ina kumene ndinkasunga kangachepe inandilembera kalata yondipatsa masiku owerengeka kuti ndichotse zanga zonse.

Kenako a msonkho, a HMRC. Ndinadzaza fomu ya P85 yowadziwitsa kuti ndachoka. Chaka chawo cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo, ndipo amawerenga masiku amene wagona m'dzikomo. Ukakhala masiku 183 kapena kuposa, ndiwe wawo, palibe kukambirana. Ukakhala osakwana 16, si iwe wawo. Pakati pamenepo ndiye pali mafunso a nyumba, banja ndi ntchito, choncho ndikapita kukaona zidzukulu ndimalemba masiku m'kabuku kamene kamakhala m'chikwama limodzi ndi pasipoti. Monga nzika ya Britain, £12,570 yoyamba pa chaka sindidulidwapo msonkho ngakhale ndili kunja. Malawi ndi Britain ali ndi pangano loti munthu asadulidwe kawiri pa ndalama imodzi. Ndinaseka nditaona chaka chake: 1955, ine ndisanabadwe, dziko lino likadali Nyasaland. Pamenepa pokha ndinalipira katswiri wa misonkho kuti andiwerengere, ndipo ndalama ija sindiidandaula.

Kanyumba kanga ka ku Manchester sindinagulitse, ndinaika alendi. Ukakhala kunja, kampani yotolera lendi imayenera kudula 20 peresenti isanakutumizire, pokhapokha utadzaza fomu ya NRL1 n'kuvomerezedwa. Ndinadzaza, lendi imabwera yathunthu, koma chaka chilichonse ndimapereka ndekha lipoti la msonkho.

Tsopano kalata imene inandigonetsa ndi nkhawa. Nthawi ndi nthawi a penshoni amatumiza chikalata chofuna umboni woti ukadali moyo, chimene amachitcha life certificate. Umasaina pamaso pa mboni yodalirika, monga dokotala, mphunzitsi kapena m'busa, amene si wachibale wako. Ine keyala imene ndinapereka inali bokosi la ku positi la achimwene anga. Achimwenewo kiyi wa bokosi amasunga m'thumba la jekete la ku maliro, ndipo amakatsegula akakumbukira. Tsiku lina ndinayang'ana pa foni, penshoni sinalowe. Ndinadikira sabata, zii. Nditaimba anandiuza mwaulemu ndithu kuti anaimitsa chifukwa chikalata sichinabwerere. Ndinakwera kabaza mpaka kwa achimwene.

"Achimwene, bokosi lija munatsegula liti?"

"Aa, achemwali, mesa makalata masiku ano amabwera pa foni?"

Tinakapeza envelopu ya khaki itafota, ili pansi pa makalata a tchalitchi. Abusa athu anasaina n'kudinda chidindo mawa lake, ndinaitumiza pa ndege kudzera ku kampani yonyamula makalata, ndipo patapita masabata angapo ndalama zonse zotsalira zinalowa pamodzi. Kiyi wa bokosi tsopano ali pa mkanda wa makiyi anga.

Za chipatala anzanga ambiri sakhulupirira ndikawauza. Pasipoti ya Britain siikupatsa chithandizo chaulere cha NHS. Chimene amaona n'chakuti umakhala kuti. Ine amene ndinasamalira odwala awo zaka 20, ndikagonekedwa ku England ndili mlendo, bilu yake amawerengera 150 peresenti ya mtengo wake, kupatula chithandizo choyamba cha pangozi ndi kuonana ndi dokotala wa m'dera. Ndiye ulendo uliwonse ndimagula inshuwalansi, ndipo kuno ndinalowa sikimu ya zachipatala, imene pa msinkhu wangawu siitchipa.

Kanthu kamodzi kokoma ndinakadziwa mochedwa. Ukapita kukacheza ku Britain n'kuwadziwitsa a penshoni, masabata amene uli kumeneko amakulipira pa mlingo wa lero, ukabwerera imatsikanso pakale. Ulendo woyamba sindinawauze. Wachiwiri ndinaimba nditangotula chikwama, ndipo kapamwamba kamene kanalowa kanakwanira nsapato za sukulu za mdzukulu wanga wamng'ono.