Mmene ndinaikira PostgreSQL pa kompyuta ya Windows 7 ku ofesi yathu ku Thyolo

Musanathe bandulo yanu kukopera PostgreSQL, pulogalamu ya database yosungira kaundula, yambani mwaona kuti kompyuta yanu ili ndi Windows yanji, ndiponso ngati ndi ya 32-bit kapena 64-bit. Ine ndimasunga kaundula wa gulu lathu la alimi ang'onoang'ono a tiyi kuno ku Thyolo, ndipo komiti itagwirizana kuti makilogalamu ndi malipiro a mlimi aliyense achoke mu Excel apite mu PostgreSQL, ntchitoyo inagwera ine pamodzi ndi kompyuta imodzi yokha imene ofesi ili nayo, ya Windows 7. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows imeneyi pa 14 Januwale 2020, pamene PostgreSQL 16, yomwe inatuluka mu Seputembala 2023, imafuna Windows 10 kapena yoposerapo. PostgreSQL 16 imeneyi musalimbane nayo pa Windows 7, chifukwa eni akewo anaitsekera khomo.

Chimene chikundiwawabe mumtima ndi tsiku limene ndinataya ku Limbe. Ndinakwera minibasi mbandakucha, kompyuta ili pamiyendo, kudutsa pa Bvumbwe mpaka ku shopu ina yokonza makompyuta, kumene anandilipiritsa ndalama yoonera asanailumikize n'komwe kumagetsi. Inakhala pansi pa tebulo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mnyamata wa pashopupo atabwera anangoti, "Bambo, iyi tingoifomata, tiikemo Windows 10." Sanafunse kuti mkatimo muli chiyani, sanayang'ane kukula kwa RAM (memore imene kompyuta imagwirira ntchito), ngakhale za laisensi sanatchule. Mkatimo munali malipiro a anthu amene amathyola tiyi mvula ikuwakhuthukira pamsana, ndipo munthu ankafuna kuwafufuta ngati akusesa pakhonde. Komanso Windows 10 imene ankandigulitsayo nayonso Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Ndinanyamula katundu wanga, ndalama yoonera ija osabwezedwa.

Njira imene inatheka ndi ya PostgreSQL 12, koma nayonso poyamba inakana, ikudandaula kuti fayilo ya api-ms-win-crt-runtime-l1-1-0.dll ikusowa. Fayilo imeneyi musakaitole payokha pa masamba osadziwika a pa intaneti. Imabwera ndi update ya Microsoft yotchedwa KB2999226, imene silowa ngati Windows 7 yanu ilibe update yaikulu yotchedwa Service Pack 1, ndiye muyambe ndi Service Pack 1, kenako KB2999226, kenako Visual C++ Redistributable (pulogalamu ina ya Microsoft imene PostgreSQL imadalira), ndipo muzizimitsa ndi kuyatsanso kompyuta pakati pa zonsezi ngakhale zikutayitseni nthawi.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono pa nkhani yokopera. Chrome, pulogalamu yolowera pa intaneti, ya pa Windows 7 inaima pa Chrome 109 mu 2023 ndipo saikonzanso, choncho mafayilo onsewa ndi bwino kuwakopera pa kompyuta ina yatsopano n'kubwera nawo pa fulashi. Apa ndi pamene za 32-bit zija zimalowera, chifukwa kuyambira PostgreSQL 11 pulogalamu yoikira pa Windows ndi ya 64-bit yokha, ndipo amene ali ndi 32-bit amathera pa PostgreSQL 10. Yathu inali ya 64-bit. Onani zimenezi musanakopere, ndabwereza dala.

Pano database ikugwira ntchito, koma mtima sunakhale pansi kwenikweni, pakuti PostgreSQL 12 nayonso anasiya kuikonza mu Novembala 2024. Pachifukwa chimenechi kompyutayo ndinaichotsa pa intaneti kotheratu, ndipo madzulo alionse ndimatulutsa kope la kaundula ndi pg_dump, chida chimene chimabwera ndi PostgreSQL, n'kulisunga pa fulashi imene sigona mu ofesi, makamaka poti magetsi kuno amatha kuzima munthu uli pakati polemba. Ku msonkhano wa komiti ukubwerawu ndikapempha chilolezo choti kompyuta yomweyi tiichotse Windows n'kuikamo pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Ubuntu 24.04, imene imabwera ndi PostgreSQL 16 ndipo adzaisamalira mpaka 2029, popanda kulipira laisensi.