Kasitima kanga ka Xuzhou: pamene pafika ntchito

Thupi la sitima latha tsopano, ndipo likukhala pa thabwa lake osapendama. Kwa inu amene mwangoyamba kutsatira, ndikupanga Xuzhou, nambala 530, imodzi mwa sitima zankhondo za Type 054A zomwe dziko la China limadzipangira lokha ku Shanghai ndi ku Guangzhou. Yeniyeniyo ndi yotalika mamita 134, ndiye pa sikelo ya 1/200 yangayi ikukwana masentimita 67. Chilichonse ndikudula ndekha pa mapepala a pulasitiki.

Chimene chandidyera nthawi ndi nyumba ya pamwamba. Sitima zimenezi anazikonza kuti rada isamazione msanga, choncho makoma ake anawapendeketsa pang'ono. Pa chithunzi zimaoneka zosalala, zosavuta. Koma tayesani kulumikiza mapepala anayi opendekeka kuti akumane bwinobwino pa kona, mudzandiuza. Ine ndimayamba ndadula pa katoni, n'kuyezera pa thupi la sitima, zikagwirizana ndiye ndikhudze pulasitiki. Timipata totsala ndimamata putty (phala lotsekera mipata), ikauma n'kupala ndi sandipepa wonyowa mpaka chala chisamve polumikizira. Guluu ndi wa kadontho chabe, ndi nsonga ya singano, chifukwa akachuluka amasungunula pulasitiki.

Kutsogolo kwa chipinda choyendetsera kuli tizitseko 32 ta mizinga ya HQ-16 yogwetsera ndege, imene imatuluka choimirira. Tomweto sindinatidule kamodzikamodzi ayi. Ndinangokanda mizere pa kachidutswa kamodzi, n'kudutsitsamo penti yakuda yosungunula kwambiri kuti ikhazikike m'mizeremo. Mlamu wanga ataona anafunsa ngati ndikusema bawo, ndipotu nambala ya maenje ndi yomweyo.

Ndinasankha Xuzhou chifukwa cha ulendo wake wa mu 2011, pamene inachoka ku Gulf of Aden, nyanja ya pakati pa Yemen ndi Somalia, komwe inkalondera zombo kwa achifwamba a panyanja, n'kudutsa ngalande ya Suez ku Egypt kukaperekeza anthu a ku China othawa nkhondo ku Libya. Kusankha kumeneko kuli ndi zotsatira zake pa thebulo pano. Sitimayi inayamba ntchito mu 2008, ndiye mfuti zake zodzitetezera chapafupi ndi Type 730 za mipope 7, osati Type 1130 za mipope 11 zomwe zinabwera pa sitima za pambuyo. Ambiri sangawerenge mipopeyo, koma ine zingandisowetse tulo. Ndaipanga ndi tiwaya ta kopa ta m'chingwe chakale cha magetsi, nditatiwongola pogubuduza pansi pa rula yachitsulo.

Zatsala mfuti ya kutsogolo ya mamilimita 76, mizinga 8 ya YJ-83 yophulitsira sitima ya pakatikati, rada ya pamwamba ndi helikopita. Pa zotchingira za m'mbali ndiye ndaima: waya amene ndili nayeyu akuoneka wonenepa pa sikelo imeneyi. Akuluakulu amene munayesapo ulusi wa mbedza, kodi penti imagwira?