Njerwa za pa HHI

Aphunzitsi athu a mbiri anatiuza kuti aliyense alembe za nyumba imodzi yakale ya m'dziko muno, ndiye Loweruka ndinatenga kope langa n'kupita ku tchalitchi cha St Michael and All Angels, chimene chili pa mishoni ya pa HHI (Henry Henderson Institute) ku Blantyre. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikuchionera pa windo la minibasi, koma kuima n'kugwira khoma lake ndinali ndisanachitepo.

Za m'mabuku ndinali nditaloweza kale. Mishoni inayamba mu 1876, Henry Henderson wa Church of Scotland atasankha malowa m'dera la mfumu Kapeni, ndipo dzina loti Blantyre analitenga kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Tchalitchichi anayamba kuchimanga mu 1888, n'kuchipatulira pa 10 Meyi 1891.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi njerwa. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyi, sanaphunzirepo zomangamanga ndipo analibe pulani yojambula papepala. Ankayamba asanja njerwa popanda matope, akaona kuti zakhala bwino n'kumanga. Njerwazo ankaumba pomwepo m'zikombole zamatabwa n'kuziwotcha, mitundu 81. Nditayandikira ndinaona zina zozungulira, zina zosongoka, zina zopindika zoyenera pamwamba pa khomo. Agogo anga aamuna anali oumba njerwa, ndipo ndikudziwa mmene msana umapwetekera munthu akaponda dothi tsiku lonse. Amene anaponda dothi ili, kusenza madzi, kutema nkhuni za uvuni ndi kukwera pamwamba kukamanga nsanja zija anali anthu a kuno, ophunzira ntchitoyo akuigwira. Zimandiwawa kuti pamayeso timangotchula Scott yekha, ngakhale iyeyo ndimamulemekeza: ankakhulupirira kuti Aafirika angathe kutsogolera mpingo, komanso mu 1892 anatulutsa mtanthauziramawu wa Chimang'anja. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa ubusa m'mishoni imeneyi.

Ndili pomwepo, amayi a Mvano anadutsa atavala mabulauzi oyera, masiketi akuda ndi maduku oyera, akuimba chapansipansi. Mayi wina anandifunsa kuti, "Mwanawe, ukulemba chiyani?" Nditawafotokozera anati iwo ukwati wawo anadalitsira m'menemo, ndipo anandilozera khomo limene anatulukira tsikulo.

Ndime yanga yoyamba, yomwe inkayamba ndi Henderson, ndaifufuta. Tsopano ikuyamba ndi dzenje la dothi.