Mmene ndinasankhira tochi yachiwiri yolowa nayo pansi pa nyanja usiku

Kuchoka kuno ku Kasungu kukafika ku Nkhata Bay ndi ulendo wa tsiku: msewu wa M1 mpaka ku Mzuzu, kenako kutsetsereka phiri mpaka kunyanja. Nditamaliza maphunziro oyamba osambira pansi pa madzi ndi silinda ya mpweya, amene amalola munthu kufika mamita 18, ndinafunitsitsa kulowa usiku kuti ndikaone kampango akusaka. Aphunzitsi anga anandiuza mosapita m'mbali: "Achimwene, usiku sitilowa ndi tochi imodzi. Yaikulu tikubwerekani, koma yachiwiri pezani yanu."

Ndinagula kaye ya pamsika kuno, ya chitsulo, paketi yake yolembedwa kuti siilowa madzi. Aphunzitsi anaichotsa mabatire, n'kuikamo kapepala ka tishu, n'kutsika nayo masana. Pobwera kapepala kaja kanali chinyontho chokhachokha. Pa mamita 10 okha, mphamvu imene imakanikiza chinthu imakhala pafupifupi kawiri ya pamtunda, ndiye tochi yopirira mvula ya Januwale imagonja msanga. Kuyambira pamenepo ndimafuna kuona nambala ya mamita yolembedwa pa tochi penipeni, ndipo ikhale yopitirira 40, malire a ife osambira mongosangalala.

Nkhani ya mabatire ndi imene ndinaiganizira nthawi yaitali. Matochi ambiri abwino amayendera batire yotchaja ya 18650, ndipo amawala kwambiri. Koma kwathu magetsi akhoza kuzima usiku womwe ukufuna kutchaja, m'mawa ndi ulendo. Komanso tochi yachiwiri imakhala miyezi osagwiritsidwa ntchito, ndipo n'zosavuta kuiwala kuti unaitchaja liti. Ndinasankha ya mabatire a AA, amene ndingagule pa golosale ku Kasungu, ku Jenda kapena ku Mzuzu, n'kuika atsopano tsiku lolowa m'madzi. Pobwerera kunyumba ndimawachotsa, chifukwa akakhalitsa amatuluka madzi oononga mkati.

Kuwala sindinalimbane nako kwambiri. Ntchito ya tochi yachiwiri ndi yoti, yaikulu ikazima, ndione geji ya mpweya, mnzanga andione, titulukenso bwino. Kuwala kopapatiza ndiko kumathandiza popereka zizindikiro: kuzunguliza ndi kunena kuti zili bwino, kugwedeza mofulumira uku ndi uku ndi kuitana thandizo.

Ndinatumiza mawu kwa alamu anga ku Johannesburg, ndi chithunzi pa WhatsApp, ndipo anabwera nayo pa Khirisimasi. Ndi yaing'ono, yoyatsa popotokola mutu, yopanda batani loti n'kulowetsa mchenga. Mtundu umenewu uli ndi pake posamala. Ukaimasula kwambiri pozimitsa, madzi amalowa; ukaimasula pang'ono zedi, imadziyatsa yokha pansi chifukwa cha kukanikiza kwa madzi, n'kumatha mabatire iwe osadziwa. Ndinakhala pakhonde madzulo angapo ndikuzolowetsa dzanja, maso otsinzina, mpaka zala zinadziwa poimira.

Mkati mwa mutu wake muli timphete tiwiri ta labala takuda. Ndinatichotsa ndi chala, osati ndi singano, ndinapukuta, n'kupezapo katsitsi kamodzi kopingasa. Kameneko kokha n'kokwanira kulowetsa madzi. Ndinapaka girisi wa silikoni pang'ono, wongonyezimiritsa, n'kuisiya mu ndowa usiku wonse ili ndi tishu mkati. Ndowa siikanikiza ngati nyanja, choncho ku Nkhata Bay tinaitsitsanso masana mpaka mamita 18. Tishu anatuluka wouma.

Usiku umenewo ndinaikoloweka ndi kachitsulo kake pachifuwa kumanja, mutu wake nditaupanikiza ndi labala ya chubu cha njinga kuti isalendewere. Kutali nyali za asodzi a usipa zinali zitayamba kuoneka. Tili m'boti aphunzitsi anati, "Yatsani zonse ziwiri ndione." Zinayaka. Anabwerezanso lamulo lawo: yaikulu ikazima, yatsani yachiwiri, dziwitsani mnzanu, tiyambe kukwera pang'onopang'ono. Kampango ndinamuona patapita mphindi zochepa, akutuluka pansi pa mwala, ndevu zili patsogolo.