Zikomo nonse, koma makamaka inu aneba

Abale, dzulo tabwerako ku Queens ndi amayi, kemo (mankhwala a khansa aja) ya nambala 6 yatha, yomaliza ija. Ndikulemba maso akuwawa ndi tulo koma ndati ndisagone ndisanathokoze, ndikadikira mawa mawu ena andithawa.

Za khansa ya m'bere mukuzidziwa kale, sindibwereza. Zomwe ambiri simunazione ndi za chifuwa. Itangotha kemo yachiwiri mu Juni, nthawi ija chifunga chimatsika m'phirimu mpaka kuno ku Chinamwali, amayi anayamba kubanika, kuchoka pabedi kukafika kubafa ankaima kawiri atagwira khoma. Ife tinkati ndi chisanu basi. Atawajambula ku chipatala cha Zomba Central adokotala anati madzi adzadza pakati pa phapo lakumanja ndi nthiti, phapolo lafinyika, ndiye mpweya ulowera pati. Anawabaya singano kumsana ndikupopa madzi achikasu pafupifupi lita yathunthu ine ndikuona ndi maso angawa. Patatha masabata asanu anabwereranso, anapopanso. Makhololo anayeza kawiri, TB panalibe.

Kuchipatala kunali bwinoko poti kuli okosijeni. Kunyumba ndiye kunali nkhondo. Amayi samatha kugona chagada olo mphindi zisanu, usiku onse amakhala pampando atatsamira tebulo, mapilo atatu kutsogolo, ine ndili pamkeka ndikuwerenga mapumidwe awo.

Apa ndi pomwe ndikufuna ndinene za aneba athu. Sinditchula dzina chifukwa andiletsa, koma a mulaini mwathu mukuwadziwa, amayi aja amagulitsa tomato mumsika waukulu. Si achibale athu, si ampingo wathu, iwo ndi achisilamu. Tsiku lina anangolowa, kuona mbaula ikufuka pakhonde amayi akutsokomola mkati, sanalankhule zambiri, ananyamula mbaula ndi mapoto kupita nazo kwawo. Kuyambira tsiku limenelo nsima yathu yakhala ikuphikidwa kwawo, mdzukulu wawo kubweretsa itavindikiridwa bwinobwino, miyezi inayi yathunthu. Anayenda khomo ndi khomo kupempha kuti zinyalala asamatenthere mbali yathu ino. Ine anandiuza kuti ndisamasese ndisanawaze madzi. Amuna awo malemu anabwera ndi chifuwa kuchokera ku migodi ya ku Joni, anawadwazika zaka, ndiye kubanika amakudziwa kuposa ife tonse.

Aneba, ine sindidzaiwala usiku uja magetsi atathima, fani itaima, amayi akuponya manja kuti ndikufa ine. Ine mutu unaima, ndinkangolira. Inu munatsegula windo, munatenga lichero ndikuyamba kuwakupiza kumaso, dzanja linalo lili pamsana pawo, mukuti kokani ndi mphuno mayi, tulutsani pang'onopang'ono pakamwa ngati mukuuzira phala la mwana, musathamange, ndili pompano. Munakupiza mpaka atambala kulira, mkono osausintha. Kenako anesi anadzatiuza kuti kamphepo kakumaso kamathandizadi munthu wobanika, ine mumtima ndinati aneba anadziwa kale.

Ndi inunso mu Ogasiti. Anesi anali atatichenjeza kuti kemo imagwetsa asilikali a m'magazi, ndiye thupi likatentha kufika 38 tisapereke panado ndikudikira kuche, tithamange. Usiku wina linafika 38.6, kachipangizo ka pachala koyezera okosijeni m'magazi kakuwerenga 86 pomwe masiku onse kamasewera mu 93, 94. Wani koloko, galimoto tiipeza kuti? Munapita kukagogoda kwa mwana wa achimwene anu, mafuta munalipira ndi ndalama ya tomato yomwe mumafuna mukapikulire m'mawa. Chinali chibayo. Masiku 8 muwodi, ndipo tsiku lililonse mukangoswali m'bandakucha mumatulukira ndi phala lotentha mufulasiki. Ndalama ija mpaka lero mukukana kulandira. Mulungu amene inu ndi ife timamupempha akukumbukireni, akupatseni moyo wautali, ana anu asadzasowe wowagwira dzanja.

Ena nonse musaone ngati ndakuiwalani. Achimwene ku Johannesburg, kachipangizo ka pachala kaja ndi thiransipoti ya ku Blantyre masabata atatu aliwonse, popanda inu sitikanatha. Amayi a Mvano, munamvetsa titakuuzani kuti musadzadzane m'nyumba kuopa chimfine, munkaima panja ndikuimba chapansipansi amayi akumvera pawindo misozi ili mbwembwembwe. Anesi a ku kiliniki ya Tiyanjane ku Queens, ine mofini ndinkamuopa, ndinkati amapatsa munthu amene watsala pang'ono, munandikhazika pansi ndikundifotokozera kuti wochepa uja wamadzi amachepetsa ululu ndi kubanika komwe, kungoti amamanga m'mimba ndiye mankhwala ofewetsa ndi mapapaya zisamasowe. Madokotala ndi anesi a ku Central ndi ku Queens, anzanga akuntchito amene munkandigwirira mashifiti, a gulu lathu la WhatsApp amene munasonkha kawiri konse, kondakitala uja amene anasamutsa anthu kuti amayi akhale kutsogolo pawindo kuchoka Limbe mpaka Zomba, sindikukudziwani dzina koma zikomo.

Koma pali china chikundiwawa, ndinene ndithu. Alipo amagazi athu enieni, okhala pompa pa Matawale, kabaza ulendo umodzi, amene miyezi yonseyi phazi lawo silinaponde pakhomo pano. Munamva kutsokomola ndiye munafalitsa kuti ndi TB tikubisa. Ena munkangotumiza uthenga woti amayi alodzedwa tisiye kemo tipite nawo kwa asing'anga, koma kufunsa kuti adya chani ayi. Amayi ankakufunsani mayina, ine ndikumawanamiza kuti mwatanganidwa. Sindikusungirani chakukhosi, ndatopa kwambiri kuti ndisenzenso chimenecho, kungoti ndaona.

Ambuye Yesu, inu amene munauzira mpweya mwa munthu, zikomo chifukwa cha mpweya wa amayi anga. Ulendo sunathe, tikudziwa, mwezi wamawa tibwereranso akawajambule aone ngati madzi aja sakubwerera, ndiye musasiye kutipempherera. Amene mukufuna kudzawaona bwerani, koma ngati muli ndi chimfine kapena chifuwa dikirani kaye chithe, ndipo perefyumu musapopere chonde, amawatsamwitsa.

Sabata ino amayi agona chogona masiku atatu otsatizana, pilo mmodzi yekha. Lero m'mawa ayenda okha mpaka pa mpanda wa aneba osapumira panjira, akuti amakafunsa mapoto awo. Aneba awabweza, akuti mbaula sibwera kuno mpaka adokotala anene.