Mjigo unagwera mumtsinje wa Lingadzi

Mwezi watha ndinkalemba mapu a mijigo ya m'midzi yozungulira Lilongwe. Ndinayenda ndekha ndi foni, kuima pa mjigo uliwonse n'kutenga GPS. Nditaika zonse mu QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mapu, pamodzi ndi fayilo yakale ya mitsinje ndi misewu imene mnzanga anandipatsa, mtima unangoti myuu. Mjigo umene ndinamwapo madzi dzulo lake, amayi atandipatsa chikho, unkaoneka uli pakatikati pa mtsinje wa Lingadzi. Misewu nayo inali itasunthira kumpoto.

Poyamba ndinakayikira foni. Koma foni ikalakwitsa, imaphonya ndi mamita ochepa, ndipo siphonyera mbali imodzi nthawi zonse. Apa chilichonse chakalecho chinasuntha pafupifupi mamita 300, chonse kumpoto. Zikatere, vuto ndi datum, maziko amene manambala osonyeza malo pa mapu amayezedwerapo.

Foni imagwiritsa ntchito datum ya WGS 84. Mapu ambiri akale a dziko lino anajambulidwa pa Arc 1950, yomwe imayeza dziko potengera Clarke 1880, muyezo wakale wa kukula ndi kaumbidwe ka dziko lapansi. Manambala a UTM (osonyeza malo m'mamita) a mbali ziwirizi amafanana kwambiri moti maso sangakuuzeni kanthu. Ndinatsegula foda ya fayilo yakale ija ndipo ndinapeza kuti fayilo ya .prj mulibe. Kafayilo kameneka ndi kamene kamauza pulogalamu kuti manambala ali m'dongosolo liti. QGIS itandifunsa, ndinali nditangosankha WGS 84 / UTM zone 36S, yomwe nambala yake ndi EPSG:32736, chifukwa ndi imene ndinazolowera.

Apa ndi pamene ambiri timapunthwa. Kuuza pulogalamu dongosolo lenileni la fayilo ndi chinthu china, kusintha fayilo kupita m'dongosolo latsopano ndi chinanso. Mukathamangira Reproject Layer, yosinthira dongosolo, fayilo ikadali ndi dongosolo lolakwika, mwangosamutsa cholakwacho. Choncho ndinayamba ndi Set Layer CRS, youzira pulogalamu dongosolo lenileni, n'kusankha Arc 1950 / UTM zone 36S, EPSG:20936. QGIS inandionetsa njira zingapo zosinthira datum, ndipo ndinatenga ya Malawi, osati ya Zambia kapena Zimbabwe. Nthawi yomweyo Lingadzi anabwerera m'khwawa lake, mjigo n'kutsala pamtunda pomwe ndinauona.

Kenako ndinapita pa Export, Save Features As, n'kusunga fayilo yatsopano mu EPSG:32736, yokhala ndi .prj yake. Samalani ndi chilembo S, chomwe chimaimira kummwera. Mukasankha 36N pa Set Layer CRS, Lilongwe amakapezeka m'nyanja ya Barents, kumpoto kwa Russia.

Sindinakhulupirire maso okha. Ndinaika mapu a pa intaneti a OpenStreetMap pansi pa fayilo yatsopanoyo n'kuyerekeza mlatho wa ku Old Town pa mtsinje wa Lilongwe ndi msewu wa M1 podutsa ku Kanengo. Zonse zinagwirizana, kupatula mamita ochepa amene mapu akale amakhala nawo. Kutalika kwa njira zopita ku mijigo ndinayeza mu UTM, osati mu EPSG:3857 ya mapu a pa intaneti, chifukwa iyo imatalikitsa mitunda. Madzulo ake ndinamuimbira mnzanga uja kuti mafayilo ake ena onse awayang'anenso asanatumize kwa wina.